Dothi Lochokera Pansi pa Sinowo

Ndinafika ku Dublin ndili mayi wamkulu kale, nditagwira ntchito ya dothi zaka khumi ndi ziwiri. Kwathu ndinkayang'anira labu ya zaulimi. Alangizi ankabweretsa dothi la alimi m'majumbo, ife n'kuliyeza, n'kuwauza chimene munda ukusowa. Ndinali ndi anthu anayi ondimvera, ndipo ndikalowa m'chipinda macheza ankatha okha. Munthu amene anakwera ndege ija anali wozolowera kufunsidwa, woti anaiwala kalekale mmene funso limatulukira pakamwa.

Zinali zaka zija Ireland ankasambira m'ndalama. Kulikonse kunali fumbi la simenti ndi makina ataliatali okwezera zitsulo, ndipo woyendetsa takisi aliyense ankakuuza za nyumba yachiwiri imene wagula kunja kapena imene akuiganizira. Ine ndinapeza kachipinda ku Crumlin, m'nyumba ya asisi ena a ku Zambia, namwino wondiposa zaka zingapo, wa pakamwa posabisa mawu. Tinkamvana bwino, ngakhale iwo ankati Chinyanja changa ndi cha m'Baibulo, ine n'kumati chawocho ndi cha pa depoti ya basi.

Ku yunivesite ndinapitira nkhani ya nandolo ndi chimanga. Ndinkafuna kudziwa kuchuluka kwa nayitirojeni amene nandolo amasiya m'munda, chakudya chija mbewu ikachisowa masamba amachita chikasu, chimene alimi amachigula m'thumba la feteleza wobereketsa. Mu labu anandipatsa theka la tebulo. Theka linalo linali la mtsikana wa komweko, mwana wa mlimi wa nkhosa wa kumadzulo kwa dzikolo, amene ankamanga tsitsi ndi pensulo ndipo majuzi ake onse anali obooka pachigongono. Ndinkamuposa zaka khumi, koma m'sukulu anali patsogolo panga, ankachita digiri yapamwamba ya kafukufuku, ija amati ya udokotala. Ndiye anandiphunzitsa makina a mu labumo, ndiye anandibwereka jekete m'mwezi wanga woyamba ataona kuti ndikunjenjemera. Ndizingomutchula kuti mnzanga, poti ndi mmene zinalili.

Iye dothi lake linali la kumapiri aatali a pakati pa Ulaya, kumtunda kumene mitengo imalekera, kumene kumangomera timaudzu ndi timaluwa tosafika m'kakolo. Kumeneko sinowo, chipale chofewa chija, amakwirira nthaka miyezi yambiri pa chaka. Mnzanga ankafuna kudziwa zimene zimachitika m'dothi nthawi yonse imene lakwiririkayo, ndi kumene timbewu timeneto timapeza nayitirojeni woti tikulire m'masabata ochepa amene dzuwa limatipatsa. Kuti adziwe, ankayenera kupita komweko chakumapeto kwa nyengo yozizira, kukumba sinowo wozama kuposa msinkhu wake, n'kukhomera timapaipi m'nthaka kuti atulutse dothi lili momwe linalili. Mpata umenewu umabwera kamodzi pa chaka. Chaka choyamba njira inatsekeka, chachiwiri anapeza zochepa. Ulendo wachitatu unali womaliza umene omuthandiza maphunziro analonjeza kulipira, ndipo aliyense mu labu ankadziwa zimenezi, ine ndemwe.

Nditangofika kumene mnzangayo anandipatsa mapepala anayi a kafukufuku oti ndiwerenge, kuti ndidziwe zimene iye amachita. Ndinathokoza ndi manja awiri, n'kukawaika pansi pa sutikesi. Ine ndi sinowo zikugwirizana pati? Ndinali ndisanamugwirepo n'komwe. Ku Dublin kumangogwa kamvula kosatha, ndipo sinowo ndinangomuonapo kamodzi patali, atayera pamwamba pa mapiri a kummwera, ndili m'chipinda chapamwamba cha basi. Patapita sabata anandifunsa ngati ndawerenga. Ndinati eya, ndi osangalatsa kwambiri.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Lachinayi, mawa lake Lachisanu Loyera. Mnzanga anali kumapiri sabata yachiwiri. Eni dziko onse anali atathawa masana, kuthamangira tchuthi, moti mu labu ndinatsala ndekha pamene bambo wa galimoto yonyamula katundu anagogoda ndi mabokosi atatu oyera, omata ndi tepi mbali zonse. Ndinasaina. Pasanathe ola lamya ya mu labu inalira, ndipo anali mnzanga, mawu ake akumveka patali ndi mphepo.

"Afika? Atatu onse? Mulungu wanga, ndapuma. Ine ndibwera Lachiwiri. Chonde uwasunge momwe analili pansi pa sinowo. Malo ndinakonza kale. Ukudziwa kale iwe, si unawerenga mapepala aja?"

"Eya, ndikudziwa," ndinatero. "Usade nkhawa."

Funso linali pamlomo penipeni: malo ake ati? Mawu atatu okha. Koma kufunsa kukanaulula kuti mapepala aja sindinawatsegule, ndiponso mayi woyendetsa labu zaka khumi ndi ziwiri angafunse mwana kuti dothi amasunga pati? Mwambi wa safunsa anadya phula ndinaudziwa ndisanayambe sukulu, ndipo ndinkaunena kawirikawiri kwa anthu anga anayi aja. Tsiku limenelo ndinatsazika mwansangala n'kuika lamya pansi.

Malo ozizira mu labumo analipo atatu. Panali chipinda chozizira, mmene anthu ankasungamo zoyeza zawo pamodzi ndi mkaka wa tiyi, ngakhale kunali koletsedwa. Panali kafiliji kakang'ono pakona, pachitseko pake atakolekapo kothi yoyera. Ndinakatsegula, ndinapeza mulibe kanthu, ndinapisamo dzanja, ndipo ndinaona kuti kuzizira kwake n'kwachibwana. Ndiye panali firiza yaikulu, yofika madigiri makumi awiri kunsi kwa ziro, yoti ukaitsegula imatulutsa utsi.

Muyenera kumvetsa kumene ndinachokera. Kwathu mdani wa zoyeza ndi kutentha. Magetsi akazima Lachisanu, Lolemba umapeza ntchito ya mwezi wathunthu itanunkha. Firiza ya ku labu kwathu inali imodzi, kiyi wake ankakhala m'chikwama changa, ndipo chinthu chikalowa mmenemo ndiye kuti n'chamtengo. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanamvepo kuti chinthu chawonongeka chifukwa chozizira mopitirira. Tsono dothi lochokera pansi pa sinowo, la mnzanga amene anandibwereka jekete, ndikanaliika pati? Mlendo wolemekezeka amapatsidwa mpando wabwino. Ndinasuntha katundu wa anthu ena mu firiza muja, n'kulongedzamo timapaipi ta m'mabokosi awiri, amene analembedwa kuti ndi a pamalo a sinowo wozama. Bokosi lachitatu, la pamalo a sinowo wochepa, linasowa malo. Ndinaliika m'chipinda chozizira pafupi ndi mkaka, ndikulimvera chisoni kuti lamanidwa. Ndinapita kunyumba ndikudzimva kuti ndine munthu wodalirika.

Lamulungu ndinakwera mabasi awiri kupita kutchalitchi ku Blanchardstown, ndinaimba za kuuka kwa akufa ndi mtima woyera. Lolemba linalinso la tchuthi, kunja kukugwa mvula, asisi ali kuntchito. Posowa chochita ndinayamba kukonza m'chipinda, ndipo pansi pa sutikesi ndinapeza mapepala aja. Ndinati ndiwerengeko pang'ono, kuti mnzanga akabwera ndikhale ndi chonena.

Sindinafike tsamba lachitatu. Nkhani yake inali yapafupi moti mlimi aliyense wophimbira munda wake ndi mapesi akanaimva. Sinowo akaunjikana kwambiri amakhala chofunda. Pamwamba mphepo ikhoza kuzizira mpaka kusweka miyala, koma pansi pake nthaka imangokhala pafupi ndi ziro, yosaundana, yofewa. Tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'dothimo timapitiriza kudya zinyalala nyengo yonse yozizira, pang'onopang'ono, ndipo nayitirojeni amene timamasula ndi amene timbewu timamupeza sinowo akamasungunuka. Timbewu tina timayamba kuphuka tikadali pansi pomwepo. Koma dothi likaundana gwa, tizilombo tambiri ndi timizu timaphulika n'kufa, ndipo likasungunuka nayitirojeni yense amene anali m'matupi mwawo amakhuthukira m'dothi nthawi imodzi. Ntchito yonse ya mnzanga inagona pa chinthu chimodzi, choti dothi la pansi pa sinowo wozama silinaundanepo. Linapulumuka miyezi yonse ija paphiri, n'kudzaundana m'manja mwanga ku Dublin masiku anayi.

Ndinavala nsapato osamanga zingwe n'kuthamangira basi. Mu labu munalibe munthu. Nditachotsa kothi yoyera ija pa kafiliji kakang'ono, pansi pake panali pepala lomatidwa bwinobwino, lolembedwa dzina langa, kuti mabokosi onse atatu alowe muno, chonde asaundane, zikomo kwambiri. Kumapeto anajambulako kankhope komwetulira.

Mpaka pamenepa ndinali nditalakwitsa chabe. Zimene ndinachita kuchokera apa ndi zimene zimandichititsa manyazi mpaka lero. Timapaipi tinali tolimba ngati miyala. Ndinatiyala patebulo kuti tisungunuke msanga, ndinakhala pampando ndikutiyang'anira maola anayi ngati mayi wodikirira mwana wodwala, ndikupukuta madzi amene ankatuluka kunja kwake. Titafewa ndinatindandalika mu kafiliji kaja pamodzi ndi ta bokosi lachitatu. Katundu wa anthu ndinamubwezera mu firiza momwe analili. Mapepala onyowa opukutira aja sindinawataye mu bini ya mu labu. Ndinawaika m'chikwama changa n'kukawataya pa siteji ya basi.

Lachiwiri mnzanga anafika nkhope itapsa ndi dzuwa la kumapiri, mozungulira maso mokha muli moyera. Anathamangira ku kafiliji asanavule n'chikwama chomwe, anawerenga timapaipi, anatembenuka n'kundikumbatira. Anandibweretsera tchizi chonunkha chimene anati n'chapamwamba. Ndinali nditakonza mawu m'basi, koma ndinawameza. Ndinadziuza kuti munthu wangofika kumene, ayambe wapuma.

Madzulo ake ndinawafotokozera asisi tili kukhitchini, iwo akusita yunifolomu. Anamvetsera osandidula, kenaka anaimika simbi.

"Manje mwamuuza?"

"Ndimuuza next week, asisi. Akhazikike kaye."

"Imwe a Malawi na ulemu wanu. Ise ku ward ukapasa patient mankhwala ya wrong, ulemba report same day. Siuyembekeza ati kapena azankhala che bwino."

"Koma asisi, ili ndi dothi. Si patient."

"Dothi siizafa, zoona. Manje mwine wake ni chani, ni mwala?"

Ndinakwiya, poti munthu akakugunda pachilonda umakwiya. Ndinawauza kuti iwo sakudziwa za sukulu, kuti nkhani ngati imeneyi ikhoza kundilanditsa thandizo la maphunziro n'kundikweza ndege. Anangoti "Mwandi," n'kupitiriza kusita. Ndipo ndinkanama. Za ndege sindinkaziopa kwenikweni. Ndinkaopa chipinda chomwera tiyi. Ndinkaona m'maganizo nkhani ikuyenda mwakachetechete, anthu akundimvera chisoni, akuti musamudzudzule, kwawoko sinowo kulibe. Akanandikalipira ndikanapirira, koma chifundo chimenecho ayi. Ndinkadziuzanso kuti ndikuteteza dzina la Amalawi onse amene adzabwere pambuyo panga, ngati kuti Amalawiwo anandituma.

Sabata yotsatira inafika, inadutsa. Mnzanga anandipempha kuti ndimuthandize kuyeza, poti manja anga anali achangu. Tinkasefa dothi, kulithira m'mabotolo a madzi a mchere, kulikhutchumula pamakina ola lathunthu, kulisefanso, n'kupereka madziwo ku makina owerenga. Ntchito imeneyi ndinaigwira mosamala kuposa ntchito ina iliyonse m'moyo wanga, ndikudziwa kuti tikuyeza bodza. Mumtima ndinkapemphera kuti mwina masiku anayi sanasinthe kanthu.

Zotsatira zitatuluka mnzanga anakuwa mpaka a m'chipinda china anabwera. Dothi la pansi pa sinowo wozama linali ndi nayitirojeni wochuluka kuposa la bokosi lachitatu lija, ndipo kusiyana kwake kunali kwakukulu kuposa mmene iye ankalotera. Ankayembekeza kale kuti sinowo wozama amasunga chakudya chambiri, tsono apa zinaoneka ngati phiri lenilenilo lamuvomera mokweza. Anavina pakati pa labu atanyamula pepala. Ine ndinaombera m'manja.

Aprofesa athu anali bambo wofatsa, wosathamangira kusangalala. Anayang'ana manambalawo nthawi yaitali magalasi ali pamphumi, kenaka anafunsa ngati dothilo linasungidwa bwino kuchokera kuphiri mpaka pano. Mnzanga anati m'njira monse munali kachipangizo koyeza kuzizira, ndipo kanasonyeza kuti zonse zinali bwino mpaka pakhomo la labu. Kuyambira pakhomopo, anatero akundiloza, analandira ndi awa. Aprofesa anatembenukira kwa ine.

"Munaliika mu kafiliji kaja tsiku lomwelo?"

"Inde, bwana," ndinatero. "Zonse zinayenda bwino."

Anagwedeza mutu n'kutsitsa magalasi. Sanafunsenso, chifukwa munthu wamkulu akayankha choncho umamukhulupirira.

Chilimwe cha kumeneko chinafika, masiku anatalika, kuphiri kuja sinowo anasungunuka. Alongo ake awiri a mnzanga ankagwira ntchito ya zomangamanga, ndipo wamkulu anali atangogula nyumba ku Balbriggan. Anatiitana kukawotcha nyama. Tinakwera sitima ya pamtunda yodutsa m'mbali mwa nyanja, mnzanga akundionetsa minda imene chaka chatha inali ya kabichi koma tsopano inali mizere ya nyumba zofanana. Alongo akewo ankakonda kumuseka. Ankati iwonso amakumba dothi, kusiyana kwake n'kwakuti iwo akakumba pamamera nyumba. Tsiku limenelo mnzanga anatulutsa pepala lake pakati pa mbale, n'kuwafotokozera za chofunda cha sinowo ndi timaluwa tophukira mumdima. Bambo awo, amene anabwera kuchokera kumudzi, munthu wa manja okhakhala ndi mawu ochepa, anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti nawonso anaonapo kuti msipu umabiriwira bwino pamene sinowo anakhalitsa. Mnzanga anasangalala ndi mawu amenewo kuposa a aprofesa. Potsazikana bambowo anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, n'kundithokoza posamalira mwana wawo.

Asisi anasiya kundikakamiza. Ankangoti tikakumana m'mawa pakhomo la bafa, "Dothi yauka bwanji?" Ine n'kuseka ngati nthabwala. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo tsiku lililonse limene ndinkachedwa, kuulula kunkakulirakulira. Mu Epulo ndikanaulula kulakwitsa. Mu Juni ndikanayenera kuululanso bodza la kwa aprofesa. Pofika Ogasiti mnzanga anali atalemba mutu wathunthu wa buku lake la digiri, ndipo anali atalandiridwa kukalankhula pamsonkhano wa akatswiri a nthaka za kumalo ozizira, kunja kwa dziko. Anayeserera zokalankhulazo pamaso panga kawiri. Ndinamukonza pamene ankathamanga kwambiri.

Anabwerako Lolemba lina mu Seputembala. Sanalankhule zambiri m'mawa wonse. Cha m'ma leveni anandikodola kuti tikamwe tiyi, ndipo m'chipindamo tinali awiri okha.

Anati zinayamba bwino. Holo inadzaza, anthu ankalemba. Atamaliza, mayi wina wachikulire amene wathera moyo wake wonse pa dothi la mtundu umenewu anaimika dzanja. Ananena mofatsa kuti manambala oterewa iye anawaonapo malo amodzi okha, m'dothi limene laundana n'kusungunuka. Anafunsa ngati panalibe pamene dothilo linalowa mu firiza.

"Ndinamuuza kuti n'zosatheka," anatero mnzanga. "Anabwerezanso. Anati mwana wanga, kafufuze, zimachitika. Ndiye ndinapsa mtima. Pa chithunzi chomaliza chimene ndinaonetsa pakhoma, pothokoza, ndinali nditalemba dzina lako ndi dziko lako, ndipo ndinaganiza kuti akunena zimenezi chifukwa waona pamenepo. Ndinamuuza pamaso pa holo yonse kuti munthu amene analandira dothi langa wayendetsa labu zaka khumi ndi ziwiri m'malo ovuta kuposa amene iye anagwirako, ndipo ndi wosamala kuposa tonse tili muno. Aprofesa akuti ndinapitirira muyezo, ndimulembere kalata yopepesa. Koma sindipepesa. Sangakunyoze ine ndili pomwepo."

Ndinayang'ana kapu yanga. Kunja makina omangira ankagogoda. Kenaka ndinalankhula.

"Mayiyo akunena zoona. Ndinaliika mu firiza."

Sanamve msanga. Ndinabwereza, n'kufotokoza zonse, kuyambira mapepala a pansi pa sutikesi mpaka zopukutira za m'chikwama. Sindinasiye kanthu, poti ndikanaima penapake sindikanayambiranso. Ndinkayembekeza kuti akuwa, kapena andiponyera kapu, ndipo ndikanakonda zimenezo. Iye anasolola pensulo ija m'tsitsi, tsitsi n'kugwera kumaso, anakoka kapepala kopukutira pakamwa.

"Mabokosi ati?"

"Awiri a sinowo wozama."

"Masiku angati?"

"Kuyambira Lachinayi madzulo mpaka Lolemba masana."

"Patebulo maola angati?"

"Anayi."

Analemba zonse bwinobwino.

"Zoika mu firiza ndazimva," anatero. "Aliyense akhoza kutero. Inenso ndikanafotokoza bwino pa lamya paja. Koma Lachiwiri lija, pamene ndinkakukumbatira, kuphiri kunali sinowo wofika m'khosi. Anakhalapo mpaka Juni. Ukanandiuza, ndikanabwereka galimoto ya mlongo wanga, pasanathe sabata ndikanabwera ndi dothi lina. Sabata imodzi yokha. Pano ndataya chaka chathunthu."

Ndinati pepa, ndipo liwulo linamveka lopepuka moti ndinachita nalo manyazi. Anapinda kapepala kaja, anakaika m'thumba, anatsuka kapu yake n'kutuluka.

Kwa aprofesa ndinapita ndekha masana omwewo. Anandimvetsera magalasi ali m'manja, ndipo anangondifunsa chinthu chimodzi, ngati m'ntchito yanga ya nandolo munalinso china chimene ayenera kudziwa. Ndinati mulibe. Anati ayang'ana okha, ndipo anayang'anadi, tsamba ndi tsamba, miyezi iwiri. Sanandithamangitse. Ndege imene ndinkawaopseza nayo asisi sinabwere. M'chipinda cha tiyi palibe ananena kanthu, ngakhale ndinaona kuti anthu anayamba kulemba maina awo ndi zilembo zikuluzikulu pa katundu wawo wa mu firiza.

Amene analipira ndi mnzanga. Anachotsa mutu wonse uja m'buku lake. Analembera mayi wachikulire uja kalata yopepesa, ndipo ndinamva kwa ena kuti m'kalatamo sanatchule dzina langa, anangoti panali vuto pa kasungidwe. Thandizo lake la maphunziro linatha mu Disembala, ndiye anayamba kugwira ntchito Loweruka ndi Lamulungu m'sitolo ya zovala ku Blanchardstown kuti adikire sinowo wina. Tsiku lina ndikuchokera kutchalitchi ndinamuona kudzera pagalasi, akupinda majuzi amene makasitomala anabalalitsa. Ndinabwerera m'mbuyo n'kuzungulira njira ina, Baibulo lili kukhwapa.

Patebulo tinkakhalabe limodzi. Ankandipatsa moni, ankandibwereka zida, tsiku lina anandikonzera makina atandivuta. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi. Koma nkhani za alongo ake zinatha, ndipo akafuna womuthandiza kusefa ankapita kukaitana munthu wa m'chipinda china. Asisi, nditawauza kuti ndaulula, sanati ndinakuuzani. Anandiphikira tiyi n'kundifunsa kuti mtsikanayo akudya chiyani masiku ano. Sindinkadziwa.

Kumapeto kwa Malichi mnzanga anapitanso kuphiri. Ulendo uno sanatumize mabokosi ndi galimoto ya katundu. Anapita ndi galimoto ya ntchito ya mlongo wake, yodzaza fumbi la simenti, anawoloka nayo nyanja pa sitima, n'kubwera nalo yekha dothilo, masiku awiri pamsewu. Ine ndinali nditatsala pang'ono kumaliza kulemba, tikiti yobwerera kwathu ili kale m'chikwama. Ndinaiona galimotoyo pawindo ikuima, ndinatsika masitepe mothamanga, ndinafika iye akutsegula kumbuyo. Anali atatopa, maso ali psuu, milomo itang'ambika. Mabokosi anali atatu, olemera, ndipo labu inali pamwamba.

Ndinatambasula manja kuti ndinyamule limodzi. Anaika dzanja lake pa bokosilo, mosakankha, n'kundiyang'ana mwaulemu ndithu.

"Ayi, zikomo. Ingondigwirira chitseko."

Ndinagwira chitseko. Anadutsa ndi bokosi loyamba, anakwera, anatsika, anatenga lachiwiri, anakweranso. Pa lachitatu anaima pakati pa masitepe kuti apume, bokosi lili pabondo, ndipo ine ndinali pomwepo ndi manja awiri amphamvu, limodzi pachitseko, linalo lili lende. Sanandiyang'ane. Anapuma, ananyamula, anapitiriza kukwera.